TIZIROMBO TOBISALA M'MALUWA

Mau a Mlangizi wa za Malimidwe kwa aphunzitsi ndi alimi a m'madimba

Pa msonkhano wa aphunzitsi ndi alimi a m'madimba umene unachitika pa sukulu ina m'mwezi wa October, Mlangizi wa za Malimidwe analankhula za tizirombo tating'ono timene tiononga maluwa. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango chifukwa m'kalasi munali motentha. Panali a Mfumu a m'mudzimo, amai a mpingo amene asamala maluwa a ku tchalitchi, ndiponso ana a sukulu a makalasi akulu.

Mlangizi anayamba ndi kuonetsa anthu maluwa awiri a rozi amene anathyola m'munda wa pa sukulupo m'mawa womwewo. Lina linali lomasula, koma timasamba take tinali tofiirira m'mphepete ngati tawauka ndi moto. Linzake linali likali lofumbata, losaoneka chilema chiri chonse. Anafunsa kuti, "Kodi mwa awiriwa, lodwala ndi liti?" Onse analoza lomasula lija. Mphunzitsi wamkulu anati lapsya ndi dzuwa, popeza chaka chino kwatentha msanga. Mai wina anati ndi chiwau. Pamenepo Mlangizi anayala pepala loyera pa tebulo, nang'amba duwa lofumbatalo, naligogoda papepalapo katatu. Panagwa tinthu tonga fumbi la tsabola, ndipo anthu atayandikira anaona kuti fumbilo liri kuyenda. Mwana wina anawerenga kufikira 23, nalephera kupitirira chifukwa tina tinali kulumpha.

Mlangizi anati maluwa onse awiri ngodwala, koma loyambalo linalasidwa kale masabata awiri apitawo, pamene linali lofumbata monga linzakeli, ndipo palibe mankhwala amene angalichize tsopano. Anati mau akulu amene wadzera ndi amenewo: tizirombo timeneti tigwira nchito yao duwa lisanamasule, kotero kuti munthu wodikira kuona chilema ndi maso apeza kuti wachedwa.

KACHIROMBOKA NKOTANI

Pa Chingerezi tiziromboti titchedwa thrips, ndipo alangizi ambiri angoti thiripisi. Kumudzi anthu atiphatikiza ndi nsabwe za m'masamba, koma nzosiyana. Nsabwe njonenepa, ikhala phee pamalo amodzi pamodzi ndi zinzake, ndipo nyerere ziitsata. Kachirombo ka thiripisi nkoonda ngati kachidutswa ka ulusi, kathamanga, ndipo kathawa kuwala. Kutalika kwake ndi milimita imodzi kapena awiri, ndiye kuti khumi titandondozana tingokwana m'lifupi mwa chikhadabo cha chala chachikulu. Tina ntachikasu, tina ntodera, tina ntakuda. Ana ao ngoyererako ndipo alibe mapiko. Munthu akakayang'ana kakakulu ndi galasi lokuza zinthu aona mapiko anai oonda, okhala ndi ubweya m'mbali monga nthenga ya nkhuku.

Anthu ophunzira apeza mitundu ya thiripisi yoposa 6,000 pa dziko lonse lapansi. Yambiri iribe mlandu ndi mlimi: ina idya chuku pa mitengo yoola ndi pa masamba ogwa, ina idya tizirombo tinzake. Yoononga mbeu njowerengeka, koma yowerengekayo ikwanira kuliritsa munthu.

Kadyedwe kake nkotere. Kachiromboka kaboola khungu la tsamba ndi kasingano ka pakamwa pake, nikayamwa madzi a m'katimo. Pamene payamwidwapo palowa mpweya, ndipo tsambalo lioneka lotuwa, lonyezimira ngati siliva, ndi timadontho takuda apa ndi apo, timene tiri zitosi zake. Pa duwa lofiira paoneka mizere yoyera. Pa duwa loyera paoneka zipsyera zofiirira. Tsono chibvuta nchakuti kachiromboka kakonda malo opanikizika, makamaka m'kati mwa duwa lofumbata ndi m'nsonga zanthete, m'mene timasamba tikali tating'onoting'ono. Mlangizi anakumbutsa ana za masewera ao olemba dzina ndi munga pa dzungu laling'ono: dzungulo likamakula, dzinanso likula, kufikira lioneka patali. Bala la thiripisi lichitanso chomwecho. Pamene lilasidwa ndi kabala kosaoneka, koma duwa likamasula kabalako kakhala chipsyera chachikulu, ndipo nthawi zina duwalo lipotoka kapena lilephera konse kumasula.

CHIFUKWA CHAKE KUPOPERA KAMODZI SIKUTHANDIZA

Pa gawo iri Mlangizi anakhalitsa, nati aphunzitsi alimvetse bwino kuti akaphunzitse ana. Kakakazi kali ndi kachida konga macheka kamene kachekera tsamba kapena duwa, nikalowetsa dzira m'kati mwa mnofu wake. Dziralo silioneka, ndipo mankhwala ogwera pamwamba salikhudza. Pakapita masiku owerengeka dziralo liswa, ndipo kamwana kayamba kudya pomwepo. Kadya pafupifupi sabata limodzi, kenaka kaleka kudya, ndipo m'mitundu yambiri kagwa pansi, nikalowa m'dothi kapena m'zinyalala za patsinde. Kumeneko kagona masiku angapo kufikira katamera mapiko, nikatulukanso kali kakakulu. M'nyengo yotentha ulendo wonsewu, kuchokera pa dzira kufikira pa kachirombo koikira mazira, utha m'masabata awiri okha. M'miyezi yozizira ya June ndi July utenga mwezi kapena kupitirira.

Kakakazi kamodzi kakhoza kukhala moyo mwezi wathunthu ndi kuikira mazira oposa 100. Chodabwitsa china nchakuti sikadikira kakamuna. M'mitundu ina mazira a kakakazi kosakumana ndi kakamuna aswa amuna okhaokha. Mu mtundu umene uononga anyezi, kumalo ambiri akazi angobala akazi anzao popanda amuna konse. Chifukwa chake kamodzi kokha kobwera ndi mphepo nkokwanira kuyambitsa mudzi.

Apa Mlangizi anapatsa ana samu. Anati tiyerekeze kuti kakakazi kamodzi kaikira mazira 100, ndipo theka ndi akazi. Mbadwo woyamba akazi alipo 50. Nanga wachiwiri? Ana anayankha kuti 2,500. Wachitatu? Mtsikana wina anawerengera pansi ndi kamtengo, nati 125,000. Mlangizi anabvomera, koma anati m'munda weniweni sitifika pamenepo, chifukwa tambiri tifa ndi mvula, ndi njala, ndi adani ao. Samuyo ingoonetsa chimene chichitika adaniwo akachoka.

Tsono tsiku liri lonse m'munda muli magulu anai: mazira m'kati mwa masamba, ana m'maluwa ofumbata, ogona m'dothi, ndi akulu ouluka. Munthu wopopera lero apha okhawo amene ali poyera. Mawa ndi mkuja mazira aswa, a m'dothi atuluka, ndipo sabata lisanathe mundawo wadzalanso. Pamenepo mwini munda akwiya, nati wam'sitolo anam'gulitsa mankhwala osukuluka, chikhalirecho mankhwalawo sanafike kumene kunali adani ambiri.

NYENGO YAKE

Mvula yamphamvu ndiyo mdani wamkulu wa thiripisi, chifukwa ikokolola ta pamasamba ndi kumiza ta m'dothi. Bvuto likula kuyambira August kufikira mvula itagwa. Pa nthawi imeneyo tchire liuma, moto upsyereza udzu, ndipo malo obiriwira otsala ndi madimba ndi minda ya maluwa imene anthu athirira. Tizirombo ta m'tchire lonse tisamukira kumeneko. Tokha sitiuluka mwamphamvu, koma ntopepuka, ndipo mphepo ititenga mtunda wautali. Amai ena anabvomera kuti m'miyezi imeneyi apeza timadontho takuda toyenda pa nsaru zoyera ndi zachikasu zoyanika pa chingwe. Mlangizi anati ndi tomweto. Nthawi zina tikatera pa mkono tiluma pang'ono, koma sitipatsa munthu nthenda iri yonse.

Anatinso duwa laludzu lilasidwa koposa lothiriridwa bwino, ndipo nchifukwa chake anthu asokoneza chilema cha thiripisi ndi kupsya kwa dzuwa: ziwirizi zibwera mwezi umodzi.

MALUWA AMENE ABVUTIKA KOPOSA

Pa maluwa a rozi, oyera ndi achikasu ndiwo aonetsa chilema msanga. Carnation ndi chrysanthemum nawonso alasidwa kwambiri. Koma Mlangizi anachenjeza makamaka za mitundu iwiri imene anthu apatsana mbeu zake pamanja.

Woyamba ndi gladiolus, duwa la masamba onga lupanga, limene abale ake amera okha m'mapiri ndi m'madambo a dziko lino. Duwa limeneli liri ndi thiripisi wakewake. Anthu ophunzira anam'lemba m'mabuku koyamba ku Australia mu 1930, ndipo m'zaka zomwezo anaononga minda yambiri ya gladiolus ku Canada ndi ku America. Ambiri aganiza kuti kwao kwenikweni ndi kuno ku Africa. Abisala m'mene masamba akumbatirana, kumene madzi salowa, ndipo maluwa auma asanamasule. Choipa koposa nchakuti mwini akakumba anyezi wa duwalo kuti asunge, tiziromboti tilowa naye m'nyumba pansi pa makoko ake. M'nyumbamo tidyabe. Anyeziyo ayamba kumata m'manja, kenaka akhala wokakala ndi wofiirira, ndipo akabzalidwa amera mofooka. Kotero munthu abzala yekha mdani wake chaka ndi chaka.

Wachiwiri ndi dahlia, ndipo pa iyeyu bvuto ndi nthenda imene thiripisi anyamula. Nthendayi ndi ya vairasi. Inaoneka pa matimati ku Australia mu 1915, ndipo mu 1927 anthu a kumeneko anapeza kuti oinyamula ndi thiripisi. Alimi a fodya a ku South Africa anaitcha kromnek, ndiko kuti khosi lopindika, chifukwa nsonga ya fodya wodwala ikhotera kumbali. Igwira mitundu ya zomera yoposa 1,000. Pakati pa maluwa igwira dahlia, chrysanthemum ndi zinnia. Pakati pa mbeu igwira matimati, tsabola, fodya, mtedza ndi mbatata ya kachewere. Pa tsamba la dahlia paoneka mphete zachikasu, ina m'kati mwa inzake. Pa matimati nsonga zida ngati mkuwa, chomera chipinimbira, ndipo zipatso zituluka ndi mawanga ozungulira.

Kayendedwe ka nthendayi nkoyenera kukadziwa. Kachirombo kaitenga pokhapokha kakali kamwana, pakudya chomera chodwala. Kakaitenga, kakhala nayo moyo wake wonse, ndipo kakamera mapiko kaipereka kwa chomera chiri chonse chimene kaluma. Siipita m'mazira ake. Mbadwo uli wonse uyenera kuitenga mwatsopano pa chomera chodwala. Ndiye kuti chomera chodwala chikachotsedwa, chitsime cha nthenda chaphwa. Mankhwala ochiza nthendayi kulibe. Dahlia wodwala asunga nthenda mu mbatata yake, ndipo mbatatayo ikagawidwa kwa anansi, nthenda yagawidwanso. Mlangizi anati adziwa kuti nkobvuta kuuza mai amene wasamala dahlia wake zaka zisanu kuti am'zule, koma njira ina palibe: dahlia wa mphete pamasamba azulidwe ndi mbatata yomwe, natenthedwe.

"MALUWA SADYEDWA"

Bambo wina wa m'dimba anati iye wangobwera chifukwa a Mfumu anaitana, koma za maluwa ndi za amai ndi ana a sukulu, maluwa sadyedwa. Anthu anaseka. Mlangizi anam'funsa kuti, "Bambo, kodi anyezi wanu ali bwanji mwezi uno?" Bamboyo anati masamba atuwa ndi kuuma kunsonga. Mlangizi anati akatsegule pakhosi pa anyeziyo, pamene masamba atulukira, ndipo akapeza tomwe taoneka papepala tija. Thiripisi wa anyezi adya maluwa ndi ndiwo zamasamba zomwe, ndipo masamba akatuwa anyezi sakula. Mtundu wina ukhala m'maluwa a nyemba, khobwe ndi nandolo, nuyoyola maluwawo asanabale; mlimi aona munda wobiriwira wopanda zitheba, nayamba kunena za nthaka. Winanso ubvuta tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo m'miyezi yotentha, ndipo ndi womwewo umene ulemba zipsyera pa malalanje ku South Africa. Munda wa maluwa wosasamalika pafupi ndi dimba uli ngati khola loweteramo tizirombo, ndipo dahlia mmodzi wodwala angathe kuononga matimati a mzere wonse.

Ndiponso maluwa ndi ndalama. Amai amene aluka nkhata za maliro ndi kukonza maluwa a ukwati m'matauni sagula duwa la zipsyera. M'maiko ena malondawa ngakulu ndithu. Minda ya m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya, ndi ina ya pafupi ndi Lusaka ku Zambia, itumiza rozi pa ndege ku Netherlands, ndipo kumeneko kuli anthu a Boma oyang'ana katundu. Akapeza tizirombo toletsedwa, katunduyo abwezedwa kapena aonongedwa. Kusamala kumeneko kuli ndi chifukwa chake. Pali mtundu wina woopsya wa thiripisi wa m'maluwa umene kwao ndi kumadzulo kwa North America. Unayenda ndi maluwa ndi mbande za malonda, nufika ku Netherlands mu 1983, ndipo zaka za m'ma 1980 zisanathe unali utafika ku South Africa ndi ku Kenya. Umenewu ndiwo unyamula koposa nthenda ya vairasi ija, ndipo uzolowera mankhwala msanga. Sunaoloke nyanja ndi mapiko ake. Anauolotsa ndi anthu. Chimodzimodzinso pamudzi: kamtengo ka rozi kochokera kwa mlamu m'tauni kabwera ndi alendo ake.

ZOYENERA KUCHITA

Choyamba ndi kuyang'ana, ndipo chida chake ndi pepala loyera lija. Kamodzi pa sabata, m'mawa, munthu agogode maluwa khumi papepala, ena omasula, ena ofumbata, nalembe chiwerengero. Akafuna kuona msanga, apumire pang'ono m'duwamo. Mpweya wa m'kamwa utitulutsa. Chofunika ndi kuona ngati chiwerengero chiri kukwera. Kamodzi kapena tiwiri pa duwa si nkhani, koma chiwerengero chikawirikiza sabata lotsatira, nthawi yochitapo kanthu yakwana. Msampha uthandizanso pa nchito yomweyi. Munthu adule chidutswa cha chigubu chachikasu kapena cha buluu, achipake Vaseline kapena girisi, nachipachike pa kamtengo pamwamba pang'ono pa maluwa. Thiripisi akopeka ndi mitundu iwiriyi, namatirira. Msamphawu sumaliza tizirombo. Nchito yake ndi ya mlonda, kuuza mwini kuti alendo afika.

Kenaka ukhondo. Maluwa ofota ndi olasidwa adulidwe tsiku liri lonse. Koma apa anthu ambiri alakwa: adula duwa nalitaya patsinde pomwepo, kumene kuli kufikitsa kachirombo m'dothi m'mene kafuna kukagona. Maluwa odulidwa aponyedwe m'thumba kapena m'ndowa ya madzi a sopo, kenaka akwiriridwe m'dzenje lakuya kapena atenthedwe. Udzu wozungulira munda upaliridwe usanachite maluwa. Chisoso ndi bonongwe zisunga thiripisi ndi nthenda ija. Amai anadandaula kuti zimenezo ndi ndiwo. Mlangizi anati saletsa ndiwo. Azithyole zikali zanthete monga mwa masiku onse, koma zokalamba zamaluwa zisasiyidwe m'mphepete mwa munda.

Madzi ndi mankhwala osagula. Pothirira m'mawa, munthu awaze madzi mwamphamvu pamasamba, pamwamba ndi kunsi komwe, kutsanzira mvula. Achite m'mawa kuti masamba aume msanga, popeza rozi wogona ndi masamba onyowa agwidwa nthenda ya mawanga akuda. Manyowa ndi udzu wouma wophimbira patsinde zisunga chinyezi kuti duwa lisamve ludzu. Feteleza wobiriwitsa asachuluke, chifukwa atulutsa nsonga zofewa zambiri, ndipo ndizo chakudya cha thiripisi.

Mbande kapena kamtengo kochokera kwina kakhale pakokha masabata atatu, kutali ndi maluwa ena, ndipo kayesedwe papepala kasanalowe m'munda. Masabata atatuwo ngokwanira kuti mazira obisika aswe ndi kuoneka. Anyezi wa gladiolus akakumbidwa, masamba adulidwe ndi kutenthedwa tsiku lomwelo, anyeziyo aumitsidwe pamthunzi kutali ndi munda, makoko akale achotsedwe, ndipo womata kapena wokakala atayidwe. Nazale ya anyezi wakudya ndi ya matimati isayandikane ndi munda wa maluwa.

ZA MANKHWALA

Chiwerengero chikakwerabe, Mlangizi anati kuyamba ndi zofatsa. Sopo wamba wosungunula, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pa lita imodzi ya madzi, apha tizirombo timene wakhudza. Sopo waufa wochapira zobvala asagwiritsidwe nchito chifukwa awaula masamba, ndipo ngakhale sopo wambayo ayesedwe poyamba pa chomera chimodzi. Madzi onyikamo njere zosinja za nimu aletsa ana kudya ndi kukula bwino. Chiri chonse cha izi chipoperedwe madzulo, dzuwa litapepa ndi njuchi zitabwerera kwao, ndipo chilunjike m'nsonga, kunsi kwa masamba ndi m'maluwa. Koma chachikulu ndi kubwereza: katatu, motalikirana masiku asanu kapena asanu ndi awiri, kuti oswa m'mazira ndi otuluka m'dothi apezedwe asanaikire mazira ao.

Pa za mankhwala a m'sitolo Mlangizi analankhula mwamphamvu. Anati m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 alimi analangizidwa kuthira DDT pa chiri chonse choyenda, ndipo poyamba zinaoneka zabwino. Pambuyo pake kunadziwika kuti mankhwalawo akhala zaka zambiri m'nthaka ndi m'matupi a nyama ndi anthu, ndipo pangano la maiko la ku Stockholm la mu 2001 linawaletsa pa ulimi. Phunziro lina la zaka zimenezo ndi lakuti mankhwala akupha zonse apha ndi abwenzi a mlimi omwe. M'munda muli akangaude, ndi tizirombo tina tating'ono ta mawanga akuda ndi oyera timene tikhala m'maluwa ndi kudya thiripisi tsiku lonse. Abwenziwa ayenda poyera, kotero ndiwo ayamba kufa, pamene thiripisi ali gone m'duwa lofumbata. Pakapita masabata awiri thiripisi achuluka kuposa kale, popeza wom'dya palibenso. Ndipo munthu akabwereza mankhwala amodzimodzi nthawi zonse, otsala ndi olimba okhaokha, ndipo ana ao samvanso mankhwalawo.

Chifukwa chake wofuna kugula ayambe wafunsa mlangizi wa dera lake dzina la mankhwala oyenera, ndi ena osinthanitsa nawo. Agule m'botolo lake lenileni, la chipepala chonena muyeso, lobvomerezedwa ndi bungwe la Boma loyang'anira mankhwala a mbeu, la Pesticides Control Board. Mankhwala othiridwa m'timabotolo ta zakumwa pa msika asagulidwe, chifukwa palibe adziwa chimene chiri m'katimo, ndipo mwana aganiza kuti nchakumwa. Mankhwala otsala ku thonje kapena ku fodya asapite ku munda wa maluwa. Maluwa a pa sukulu agwidwa ndi manja a ana, anunkhizidwa pamphuno, ndipo a ku tchalitchi akhala m'nyumba yodzala anthu. Mlangizi anati kwa iye munda wa sukulu suyenera mankhwala a m'sitolo konse. Duwa la chipsyera liposa mwana wogonekedwa m'chipatala. Anatinso mwana wa sukulu asapatsidwe nchito yopopera mankhwala otere, ngakhale atakhala wamkulu msinkhu.

MAFUNSO

A Mfumu anafunsa za madzi onyikamo fodya, amene makolo anali kugwiritsa nchito. Mlangizi anayankha kuti, "Zoona, a Mfumu, madzi a fodya apha tizirombo, koma ululu wake ulowanso pakhungu la munthu, ndipo fodya anyamula nthenda ina imene igwira matimati. Nkwabwino kuwaleka."

Mphunzitsi wina anafunsa ngati phulusa lingathandize. Mlangizi anati phulusa ligwera pamwamba, ndipo silifika m'kati mwa duwa lofumbata, lingodetsa maluwa.

Mai wamkulu wa mpingo anati pa Sabata likudzali kuli ukwati, ndipo maluwa ao ali ndi tiziromboti, achite chiani? Mlangizi anati, "Mai, dulani Loweruka m'mawa kwambiri, musankhe amene angoyamba kumasula ndipo alibe chipsyera. Muwazike chazondoka m'ndowa ya madzi ozizira, muwagwedeze pang'ono, kenaka muwaimike m'madzi ena pamthunzi. Ambiri mwa alendowo atsala m'ndowamo. Ofiira ndi amene abisa chilema kuposa oyera." Maiyo anati mkwatibwi wafuna oyera. Mlangizi anati tsono adule ochuluka kuti akhale ndi posankha.

Mphunzitsi wamkulu anafunsa ngati ayenera kuzula rozi yense wa pa sukulupo ndi kuyamba mwatsopano. Mlangizi anati iai, chifukwa mitengoyo iri bwino. Olasidwa ndi maluwa okha. Anati adule maluwa onse tsiku limodzi, omasula ndi ofumbata omwe, awakwirire, apalire udzu, athirire bwino, ndipo apopere sopo katatu monga wanena. Munda ukhala wopanda duwa kwa mwezi umodzi kapena kupitirirapo, koma maluwa otsatirawo adzatuluka pamodzi ndi mvula yoyamba.

Asanabalalike, mphunzitsi wamkulu anapereka kope latsopano kwa ana a Standard 7, kuti Lolemba liri lonse azilembamo chiwerengero cha papepala ndi cha pamsampha, ndi tsiku limene mvula yagwa. Bambo wa anyezi uja anapempha theka la chigubu chachikasu chimene Mlangizi anadula poonetsa msampha, napita nalo ku dimba. Mlangizi adzafikanso pa sukulupo m'mwezi wa December kudzaona kopelo.